Timabokosi ta ku Toledo

Toledo, 9 Okutobala

Okondedwa Achemwali Visi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mawondo anuwo. Ine ndinafika bwino. Ndalemba kalata chifukwa pafoni mumangoti "ati chiyani? ati chiyani?" mpaka ine kusasa mawu, ndipo mudzi wonse umamva nkhani zanga inu musanazimve.

Dokotala wa maso sanandione. Akuti sabata yamawa, ndiye ndaona kuti kubwerera ku Valdejara n'kudzakweranso basi n'kudzizunza chabe. Ndapeza pogona potchipa kumtunda kuno, mkati mwa linga. Musaseke. Si chipinda ayi, ndi kabokosi. Asanja timabokosi toyera kukhoma, tina pansi tina pamwamba, aliyense kake. Umalowa chokwawa n'kukoka kachitseko. Muli matiresi ndi kagetsi basi, ndipo ukati ukhale tsonga mutu umagunda denga. Tsiku loyamba ndinaima n'kumangoyang'ana, mayi wa pakauntala n'kundifunsa, "Agogo, mwaopa?" Ine ndinati, "Ndiope chiyani? Mwezi wathawu ndalowetsa mwamuna wanga m'khoma lotere kumanda, sanadandaule." Sanaseke.

Ogona muno ndi achinyamata a zikwama zakumsana, ochokera kutali. M'mawa amapita kukajambula matchalitchi, masana nyumba yonse imangoti zii.

Munditumizire jekete lakuda la malemu Eleuterio lija ndi mankhwala anga a BP, ali pamwamba pa firiji. Nkhuku muziziona. Gonzalo akaimba musamuuze kuti ndili kuno, mwana wanga ameneyo amakuza nkhani. Kodi Nicanor wosamalira manda uja mwakumana naye? Sanakuuzeni kanthu?

Mng'ono wanu,
Casilda

Valdejara, 17 Okutobala

Iwe Casilda,

Moni ndikupatsa chifukwa ndi mwambo. Mawondo ali momwemo. Nkhuku zili bwino kuposa mwini wake.

Jekete ndi mankhwala ndatumiza. Koma dokotala wa maso wake uti? Ndinafunsa mwana wa Remigia amene amagwira ntchito kuchipatala kwathu kuno, akuti palibe amene anakutumiza ku Toledo. Ndipo Remigia mwiniwake anali komweko Lachisanu kukagula nsapato. Wakuona ndi maso ake pabwalo la Zocodover, utakhala pabenchi ndi mwamuna. Akuti wamtali, wadazi, woti ukhoza kumubereka, ndipo unamugwira khutu. Khutu, Casilda! Pagulu! Ndipo Remigia ananenera zimenezi pamzere wogula buledi, anthu ali thothotho. Ine wosamva bwino ine ndinamva zonse, ndiye uganize mmene anakwezera mawu.

Simenti ya pa mphako ya mwamuna wako siinaume n'komwe. Eleuterio sanali mngelo, ndikudziwa, koma zaka zonsezi sanakuchititse manyazi. Ngati ndi kusungulumwa, bwera udzagone kwanga. Munthu wa zaka zako kumakwawira m'bokosi ngati mphaka, pakati pa ana osavala?

Nicanor ndinakumana naye pachitsime. Atandiona anavula chipewa n'kutembenuka, ngati ndamugwira akuba. Mwapangana chiyani awirinu?

Tsiku la Oyera Onse layandikira. Manda a anthu athu nditsuka ndekha?

Mkulu wako,
Visitación

Toledo, 22 Okutobala

Achemwali,

Phukusi lafika, zikomo. Khalani pansi musanawerenge. Maso anga alibe vuto. Bola akanakhala nalo.

Mukukumbuka m'mawa wa tsiku loika Eleuterio, ndinapita kumanda ndekha ndisanavale zakuda? Nicanor anati mphako ndi yothina, bokosi la bambo silingalowe pokhapokha titulutse kabokosi koyera ka Julián, khanda langa lija. Ine ndinati chabwino, timafupa ta mwanayo tikulunge m'nsalu tiike pachifuwa pa bambo ake, poti sanaonanepo. Ndinatenga nsalu yopeta ya amayi ija. Nicanor atakoka kabokosi, thabwa lapansi linali lofumbwa, linangoti phwasu. Munalibe mafupa, Achemwali. Munali theka la njerwa, lokulunga m'thaulo.

Nicanor anachita chizindikiro cha mtanda. Anati, "Mayi Casilda, mafupa a khanda nthawi zina amasungunuka." Ine ndinati, "Amasungunuka n'kusanduka njerwa?" Ndinamulumbiritsa kuti asauze munthu. Masana ake ndinaika mwamuna wanga, anthu n'kumati taonani kulimba mtima, sakulira n'komwe.

Nyumba ndikugonayi ndi yomwe ija. Nyumba ya masisitere yochilira amayi osauka, kumene munandiperekeza mu 1978, Eleuterio ali ku usilikali. Ndinangofuna kuona chitseko chake, n'kupeza chikwangwani cha malo ogona. Asintha zonse, apaka penti yoyera, koma matailosi obiriwira a pamasitepe ndi omwe aja, ndipo mkuyu wa pabwalo lamkati ulipobe. Timabokosi taikidwa m'chipinda chachitali chomwe tinkagonamo. Kanga kali pamene panali bedi lachitatu kuchokera pazenera. Ndinapempha dala.

Mwana wanga ndinamumva akulira, Achemwali. Ndakhala ndikunena zaka zonsezi, nonse mumati ndi mankhwala ogonetsa. Analira, sisitere n'kumuika m'kabedi kamatayala, tayala limodzi likuti kwii, kwii, mpaka kukhota pakhonde. Mawa lake akuti wafa, usamuone, sakuoneka bwino, bokosi takhomera kale.

Masana, anawa akapita, ndimalowa n'kukoka kachitseko. Ndimamva fungo la sopo wochapira uja. Kenaka tayala lija, kwii, kwii, kudutsa pamutu panga kulowera kukhonde. Mayi wa pakauntala akuti ndi makina oziziritsa mpweya. Mwina. Koma makina sakhota pakona.

Za mwamuna wadazi ndidzalemba. Lero dzanja lakana.

Casilda

Valdejara, 28 Okutobala

Mng'ono wanga,

Kalata yako ndaiwerenga nditaimirira, kenaka ndinapezeka ndili pansi pakhitchini.

Kabokosi kaja ndinakanyamula ndine. Iwe unatsala m'chipatala ndi malungo. Ndinakwera nako basi, kali pamiyendo panga, nditakafunditsa shawelo kuti anthu asadziwe. Msewu unali wa miyala nthawi imeneyo, ndipo basi ikadumpha m'katimo munkagunda kanthu. Ndinkagwiritsa ndi manja onse n'kumanong'ona kuti pepa mwana, pepa, tatsala pang'ono. Ndinamuimbira, Casilda. Kuchokera pamlatho mpaka kwathu ndinaimbira njerwa. Ndinauzanso amayi kuti anali mwana wonenepa, akulemera.

Ndapita kwa Nicanor. Wandionetsa, anasunga m'kanyumba ka zida. Thaulolo lili ndi mzere wabuluu m'mphepete. Sindinaligwire.

Zimene ndinalemba zija undikhululukire. Remigia ndithana naye ndekha. Manda nditsuka, koma maluwa ndiika kwa Eleuterio yekha, pakuti sindikudziwa kuti munthu amaika chiyani pa dzina la wamoyo.

Ndiuze za mwamunayo. Ukudya? Kumeneko kukuzizira bwanji?

Visi

Toledo, 3 Novembala

Achemwali okondedwa,

Ndikudya, musade nkhawa. Kuzizira kwayamba, jekete likuthandiza. Maolivi ayamba kuda?

Dzina lake ndi Ernesto. Amakonza mafiriji ku Alicante, kunyanja. Ndinamupeza tsiku lachitatu nditafika, atakhala pamasitepe masana, akusisita matailosi ndi chala. Mlendo wodzaona malo sachita zotero. Ndinati, "Bambo, mwataya chiyani?" Anati, "Amayi anga." Ndinaganiza kuti ndi nthabwala za anthu a kunyanja.

Bambo amene anamulera anamwalira chaka chatha. Ali pafupi kutsirizika anamuuza kuti, "Sitinakubereke. Tinakakutenga ku Toledo kwa masisitere, tinalowera khomo lakuseri." Mapepala ake akuti anabadwa mu Novembala 1978. Wanga anabadwa mu Okutobala. Koma anthu okulunga njerwa m'thaulo angalephere kusuntha mwezi?

Amagona kabokosi ka pamwamba pa kanga. Munthu wamtali ngati mlongoti, mapazi amatsala pang'ono kutuluka. Akatembenuka denga langa limanjenjemera, ine n'kumangoika dzanja pamenepo. Ali ndi mkazi ndi ana awiri aakazi, wandionetsa zithunzi. Tchuthi chake chonse wathera muno.

Khutu limene Remigia anaona ndi lakumanzere. Lapindika pamwamba ngati la Eleuterio. Ndinamupempha kuti ndiligwire, anavomera. Amadananso ndi anyezi wosaphika. Ndinati, "Bambo ako ankatola anyezi m'saladi ngati akutola nsabwe." Anaseka, kenaka anati, "Mayi Casilda, tisathamange. Ine ndagwirapo kale manja a amayi awiri, wina ku Talavera wina ku Madrid. Onse anapeza khutu, kapena mphuno." Ndinati, "Amenewo anali ndi njerwa?"

Pali bungwe la anthu ofunafuna ana awo. Anatitumiza koyezetsa ngati ndife mayi ndi mwana. Sanatenge magazi, anangotipukuta m'kamwa ndi kathonje. Akuti tidikire masabata awiri.

Ndinamufunsa ngati amalimva tayala lija. Anati iye samva kanthu, koma akagona muno amadzuka atakumbatira mawondo, nsagwada zikuwawa.

Musauze munthu. Mtima wanga ukudziwa kale, koma musauze munthu.

Casilda

Madrid, 8 Novembala

Mayi aakulu,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ife kuno tili bwino, ana ali kusukulu, ine ndi basi yanga yomweyo ya mumzinda. Ndikulemba chifukwa pafoni sitimvana, ndipo nkhaniyi si yokuwa.

Mwezi wathunthu mwakhala mukundiuza kuti amayi ali kumunda, ali kutchalitchi, foni yawo yafa. Dzulo mwana wa Remigia wandilembera kuti mwayi wanga, ndapeza mkulu wanga. Mkulu wanga uti? Amene ndinapondana naye ali kumanda, dzina lake ndakhala ndikulipukuta ndi nsanza chaka chilichonse kuyambira ndili mwana.

Ndinaimbira amayi. Anandiuza za njerwa ndi za munthu wa mafiriji, mawu awo ali ngati a mtsikana. Mayi aakulu, inu ndinu munthu woganiza. Mkazi wamasiye, mwamuna wangomwalira kumene, ali ndi nyumba ndi munda wa maolivi, ndiye pa nyumba zonse za mu Spain mwana wotayika n'kukapezeka akugona pamwamba pake penipeni? Anthu otere alipo, amanunkhiza maliro ngati ntchentche. Lero khutu, mawa adzati tiyeni kwa loya.

Za njerwazo sindikudziwa. Nicanor amamwa.

Ndapempha masiku kuntchito, andipatsa pa 18. Ndikukawatenga, afune asafune. Asasayine chilichonse. Inu amakumverani, auzeni.

Mwana wanu,
Gonzalo

Toledo, 14 Novembala

Achemwali,

Si iye.

Zotsatira zabwera msanga, pafoni yake. Tinali pabwalo lamkati, pansi pa mkuyu, ndikumusendera lalanje. Anawerenga, anabwerezanso, kenaka anaika foni chafufumimba pabondo. Anati, "Mayi Casilda, pepani." Kupepesa iye, ngati walakwa ndi iye. Ine ndinapitiriza kusenda. Ndinamupatsa, anadya lonse, misozi ikugwera m'manja.

Ndinati mwina asokoneza timathonje. Anati, "Ayi mayi. Musadzichite zimenezo. Ndinazichitapo, zimadya munthu."

Wanyamuka ndi sitima yamasana, ntchito ikumudikira. Ndinamuperekeza mpaka pachipata cha mzinda. Ndinamuveka jekete la Eleuterio, linamukwana m'mapewa, manja okha kufupika. Anakana, ine ndinati, "Kwanu kulibe mayi wokukalipira, ndiye ndikukalipira ndine. Vala." Anandipsompsona pamphumi. Pokhota anatembenuka n'kukweza dzanja, ndipo kukweza kwakeko sikunali kwa Eleuterio, sikunali kwa aliyense wa ife. Ndinaona pamenepo. Khutu lija ndi khutu chabe.

M'kabokosi kake mwalowa kale mtsikana wa ku Korea. Akatembenuka denga siligwedezeka.

Ndabwerera masana ano, ndakoka kachitseko. Tayala lija ladutsa monga mwa masiku onse. Poyamba ndinkati likundiuza kuti wabwera. Tsopano ndamva bwino. Likupita, Achemwali. Tsiku lililonse limachokera pabedi panga kupita kukhonde. Silinabwererepo.

Ndikhala kaye. Sindikudziwa kuti ndikudikira chiyani. Bola simunauze anthu.

Casilda

Valdejara, 15 Novembala

Casilda wanga,

Moni wa chimwemwe! Kalata yako sinafike sabata ino, galimoto ya positi akuti yawonongeka, koma ndikudziwa kuti masabata awiri akwana mawa mawa.

Unati ndisauze munthu. Ndinauza Remigia yekha, kuti atseke pakamwa pake ponyansa paja. Ndinati, "Amene unamuona uja ndi Julián, mwana wa Eleuterio, pita ukalape." Analira pamzere wa buledi. Tsopano mudzi wonse ukudziwa, ndipo usandikalipire, anthu akusangalala. Nicanor akuyenda ngati bishopu. Achimwene a Eleuterio apereka mwana wankhosa, akuti mwana wa mng'ono wawo sangalowe m'mudzi n'kudya nkhuku. Abambo mfumu akufunsa ngati tifuna Misa yothokoza.

Ndatsegula chipinda chakumtunda, ndayanika zofunda. Unati ndi wamtali, ndiye ndabwereka bedi lachitsulo kwa Remigia, ndi mmene akulipirira tchimo lake. Tchana ndaviika kale kawiri n'kudya ndekha chifukwa chosadziwa tsiku. Anyezi sindiika, ndakumbuka. Ana ake aakaziwo amavala saizi yanji? Ndayamba kuluka, wina chofiira wina chobiriwira.

Gonzalo wandilembera zamwano. Musiye, ndi nsanje ya mwana amene wakhala yekha pabere. Akadzamuona khutu adzakhala chete.

Chinthu chimodzi ndikupempha. Pobwera mukwere basi, osati galimoto. Ndidzakudikirani pamlatho, ndikwere nanu. Ndikufuna ndikhale naye mpando umodzi mumsewu umene uja, ndimuuze kuti ulendo woyamba ndinanyamula molakwika.

Lemba tsiku. Usachedwe, mwana wankhosa akukula.

Mkulu wako,
Visi

Madrid, 3 Disembala

Mayi aakulu,

Moni. Amayi akuti chifuwa chanu chachepa, ndathokoza. Akutinso simukutuluka m'nyumba chifukwa cha manyazi. Tulukani. Palibe amene akukusekani. Tsiku lija nditawasiya amayi pakhomo panu sindinathe kulankhula, ndinangodya n'kubwerera. Ndiye ndati ndilembe.

Ndinapita ku Toledo nditakonzeka kumenya munthu. Ndinafika masana. Mayi wa pakauntala anangondilozera ndi chibwano, osafunsa dzina. Ndinapeza chipinda chachitali, timabokosi tonse totsegula, kamodzi kokha kotseka. Ndinagogoda. Amayi anakoka kachitseko, ali chigonere chagada, manja pachifuwa, atavala nsapato. Mayi aakulu, ndinaona maliro a amayi anga ali moyo.

Ndinati, "Ali kuti wakubayo?" Anati, "Wapita. Sanabe kanthu, jekete ndinamupatsa ndekha." Kalata yanu ya mwana wankhosa inali pambali pawo, itafika m'mawa womwewo. Anati, "Werenga, uone zimene ndawachita achemwali anga." Ndinawerenga nditakhala pansi pa matailosi.

Kenaka anatuluka n'kunena kuti, "Lowa." Ndinati, "Amayi, ndine bambo wa ana awiri." Anati, "Lowa, Gonzalo." Ndinalowa, anatseka. Sindinamve tayala, sindikunamizani. Ndinangomva makina ndi mtima wanga. Koma ndili m'menemo ndinaganiza za mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, atagona pamalo omwewo, mabere akutuluka mkaka, akuuzidwa kuti wamva zam'mutu. Ine ndemwe ndinati Nicanor amamwa. Nditatuluka anandifunsa kuti, "Wamva?" Ndinati, "Ndamva, amayi." Anagwedeza mutu, n'kuyamba kulongedza chikwama okha. Sindinawakakamize.

Tisananyamuke tinadzera kubungwe kuja. Nanenso anandipukuta m'kamwa. Akuti zotsatira zimasungidwa, ndipo tsiku lina munthu wina akadzakayikira kwawo n'kupita kukayezetsa, makina adzatilumikiza. Ndinafunsa kuti nanga akapanda kukayikira? Mayi wa kumeneko anati, "Ambiri sakayikira."

Ernesto ndamuimbira kumupepesa, ngakhale sankadziwa kuti ndinamunena. Akuti pa Khirisimasi sangathe, koma nthawi yokolola maolivi ikamatha adzabwera ndi ana ake, ngati simudandaula. Ndinamuuza kuti bedi lachitsulo lilipo kale. Zoluka zija musamasule.

Koma pali china chimene sindinawauze amayi. Ntchito yandivuta. Zaka zonsezi anthu amakwera basi yanga ine osawaona nkhope, ndimangoona manja ndi matikiti. Tsopano mwamuna aliyense woyamba imvi akamakwera ndimamuyang'ana. Ena amakwiya. Wina anandifunsa ngati ndili naye mangawa.

Lachiwiri, mvula ikugwa, anakwera wina pafupi ndi siteshoni ya Atocha. Wovala bwino, chikwama cha muofesi m'manja. Nkhope sindinaione bwino. Koma poyenda kupita kumbuyo ankaponya phazi lamanja kunja, ndipo atakhala anakanda kuseri kwa khosi ndi chala chachikulu. Inu mukudziwa kuti bambo anga ndi amene ankatero. Ndinamuyang'ana pagalasi mpaka maloboti anasintha ine osaona, magalimoto akuliza mahutala kumbuyo. Anatsika patatha masiteji anayi. Ndinaimika basi, anthu ali momwemo, ndinatsika n'kuima pamvula. Anali asanapite patali, akutsegula ambulera. Ndikanakuwa akanamva.

Ndinatsegula pakamwa, Mayi aakulu. Koma Julián ndi dzina la pamwala. Limene amayankha nalo sindikulidziwa.

Mwana wanu,
Gonzalo